Ndere zadzaza m'thanki ya madzi amchere ku Nchalo: tiyambire pati?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Nchalo. Akulu awo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera ndi thanki yagalasi ya malita 250 ya zamoyo za m'nyanja yamchere. Muli miyala, nsomba zinayi ndi makorali ofewa angapo, tinyama ta m'nyanja tokhazikika pamiyala tooneka ngati zomera. Pobwerera ku Joni anawasiyira kuti aziisamalira. Papita miyezi isanu, ndipo miyala yonse yamera ndere zobiriwira zonga tsitsi, pamchenga payala chinthu chofiira ngati bulangete. Madzi akaphwa amathiramo a pamjigo, poti nawonso ndi amchere. Ana amadyetsa nsomba katatu pa tsiku. Atayeza phosphate, chimodzi mwa zakudya za ndere, anapeza ziro. Mnzawo wawauza kuti agule mankhwala a ndere othira m'dziwe losambiramo, ndiye akufunsa kuti agule ati.

Bambo, ndiyambe ndi kukupemphani kuti mankhwala a m'dziwe losambiramo musawafikitse pafupi ndi thankiyo. Ambiri mwa iwo ali ndi kopa, ndipo kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu ngakhale atakhala wochepa kwambiri. Choipa china n'chakuti amalowerera m'miyala n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, moti nkhono iliyonse imene mungadzaikemo mtsogolo idzafa inu osadziwa chaiphayo. Madzi akatayika saoleka. Thanki yanuyi, monga mwaifotokozeramu, ikhoza kuchira popanda botolo lililonse la mankhwala, koma pafunika miyezi iwiri kapena itatu ya ntchito ya manja.

Ndere sizimera popanda chakudya. Mlimi aliyense kuno akudziwa thumba la feteleza lolembedwa 23:21:0. Nambala yoyambayo ndi ya nayitirojeni, yachiwiriyo ndi ya phosphate. Zinthu ziwiri zomwezi ndi zimene zikunenepetsa ndere zanu, kungoti m'thanki nayitirojeniyo timamuyeza ngati nitrate. Mukathira feteleza m'munda osapalira, amene amayamba kusangalala ndi udzu. Ndiye funso lenileni ndi lakuti fetelezayu akulowera khomo liti, ndipo m'kalata yanu ndaonamo makomo awiri otsegula.

Khomo lalikulu ndi mjigo. Ife a kuchigwa timadziwa kuti mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu, tiyi sakoma. Choncho ndikumvetsa chifukwa chake munaganiza kuti nsomba za m'nyanja yamchere ziwakonda. Koma pali zolakwika ziwiri. Taganizani mphika wa ndiwo pamoto. Msuzi ukaphwa, mchere supita kulikonse, umangochuluka m'madzi otsalawo, ndipo mayi wodziwa kuphika amawonjezera madzi okha. Thanki ndi chimodzimodzi. Chimene chimauluka ndi madzi, mchere umatsala. Nthawi iliyonse imene mwathira madzi amchere m'malo mwa ophwawo, mcherewo wakwera, makorali afooka, ndere zimene zimapirira zambiri zapeza mpata. Cholakwika chachiwiri n'chakuti mchere wa pansi pa nthaka yathu si wofanana ndi wa m'nyanja. Madzi a pamjigo amatenga zimene akumana nazo m'dothi ndi m'miyala. Amakhala ndi silicate, wosungunuka kuchokera mumchenga ndi m'miyala, ndipo kumene kuli minda yothiridwa feteleza, makola a ng'ombe kapena zimbudzi pafupi, nitrate sasowa. Munthu akhoza kumwa madziwo osamva kanthu, koma m'thanki yotsekedwa zonsezi zimaunjikana tsiku ndi tsiku chifukwa zilibe kotulukira.

Madzi oyenera ndi osefedwa ndi makina a RO/DI, ochotsa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi, moti mukawayeza madziwo ndi kamita ka TDS, koyeza kuchuluka kwa zosungunukazo, kamaonetsa ziro kapena wani. Ngati pali ndalama imene muyenera kuwononga mwezi uno, ndi ya makina amenewa, ndipo akulu anuwo angakugulireni mosavuta kumene aliko. Amafuna madzi a kumpopi amphamvu, ndipo pa lita imodzi yoyera amataya malita atatu kapena anayi, omwe mungachapire kapena kukolopera. Musawalumikize ku madzi amchere kwambiri ngati mungapeze ena, chifukwa sefa yake imatha msanga. Podikira makinawo, gwiritsani ntchito madzi a distilled, aja othira m'batire ya galimoto, koma werengani bwino pa botolo kuti musatenge asidi wa batire. Madzi amvula otsika padenga lamalata ayi, amatenga fumbi ndi zinki wa malatawo. Ndipo pokonza madzi atsopano osinthira, mchere wake ndi wopangidwira thanki za m'nyanja, osati wa kukhitchini. Muyezo wake ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita, kapena 1.025 mpaka 1.026 pa refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi. Ngati mwapeza kuti mchere wakwera kupitirira pamenepa, utsitseni pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Kutsitsa tsiku limodzi kumapweteka zamoyo kuposa mchere wochulukawo.

Khomo lachiwiri ndi chikondi cha ana. Chakudya chilichonse cholowa m'thanki, kaya chadyedwa kaya chagwa pansi, chimathera ku nitrate ndi phosphate. Musawaletse anawo, chifukwa thanki imene ana aikonda ndi imene imakhalitsa pakhomo. Koma yezerani chakudya cha tsiku lonse m'kachitsekerero ka botolo m'mawa, muwauze kuti chikatha chatha. Nsomba zinayi zizidya chimene zingamalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri, kamodzi kapena kawiri pa tsiku.

Tsono za ziro amene munapeza uja. Ameneyu wasocheretsa anthu ambiri. Mukafika pakhomo n'kupeza mbale zili mbee, sizitanthauza kuti sanaphike. Ana adya. Phosphate ikangotuluka m'chakudya kapena m'ndowe za nsomba, ndere zimaitenga nthawi yomweyo, choyezera chanu n'kupeza madzi alibe kanthu. Ina yambiri yagwirira m'miyala ndi mumchenga, chifukwa miyala ya makorali imakoka phosphate n'kumaibweza madzi akayera. N'chifukwa chake munthu amasintha madzi lero, pakutha pa sabata ndere n'kukhala zabwerera. Zoyezera zina zotchipa sizionanso timiyezo tating'ono timene timafunika kuno. Thanki yodzaza ndere ili ndi phosphate, choyezera chinene chimene chinganene.

Musanachite kalikonse, dziwani mdani wanu ndi maso, chifukwa si zonse zomera m'thanki zimene zili mtundu umodzi. Zobiriwira zonga tsitsi zimene mwanenazo, zozuka mukakoka ndi zala, ndi zofala kwambiri ndipo nkhono zimadya. Koma tengani kachingwe kamodzi mukaike m'sosala yoyera yokhala ndi madzi pang'ono. Ngati kali ndi timphanda mbali zonse ngati nthenga ya nkhuku, imeneyo ndi Bryopsis, youma mutu, ndipo zodya ndere zambiri zimaikana. Osunga thanki ena amathana nayo ndi fluconazole, koma amenewo ndi mankhwala a anthu odwala, ndipo si oyambira musanatsimikize kuti mdani ndi ameneyo. Fumbi lofiirira lopukutika mosavuta pagalasi ndi ma diatom, amene amadya silicate, ndipo madzi a pamjigo akasiya kulowa amatha okha. Timipira tobiriwira tonyezimira ngati mikanda ndi Valonia, tizuleni ndi mizu yake.

Bulangete lofiira la pamchengalo si ndere kwenikweni. Ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Mukapopera madzi ndi sirinji limasendeka lonse ngati khungu la pamkaka wowira, m'mawa limaoneka lochepa, pofika masana layalanso. Limakonda malo amene madzi sayenda ndiponso pamene zinyalala zakhazikika. Likokeni ndi kapaipi potulutsa madzi, kenaka mutembenuze pampu kuti madzi aziwomba pang'ono pamwamba pa mchengapo. Pali mankhwala opha mabakiteriya amenewa, koma amathanso kusokoneza mabakiteriya abwino ndi kuchepetsa mpweya m'madzi, ndipo m'nyumba yotentha ngati za kwathu kuno ine sindingawaike patsogolo.

Ntchito ya sabata ndi sabata ili motere. Konzani malita 25 a madzi atsopano dzulo lake kuti mchere usungunuke bwino ndipo kutentha kufanane ndi kwa m'thanki. Zimitsani mapampu. Zulani tsitsilo ndi zala, dzanja lina litagwira kapaipi pafupi kuti tizidutswa tisabalalike. Mswachi wakale umathandiza, mumaulowetsa m'tsitsimo n'kupotokola ngati mukukulunga ulusi. Mwala umene ulibe korali mukhoza kuutulutsa n'kuukwecha m'ndowa ya madzi akale a m'thanki momwemo. Chofunika n'chakuti ndere zituluke m'nyumba. Namasupuni amene amatseka Shire uja, mukamudula n'kumusiya m'madzi momwemo amaola n'kukhala manyowa a mnzake, koma mukamukokera kumtunda mwachotsa ndi chakudya chomwe chimene anadya. Dzanja limodzi la ndere zotayidwa kudzala lachotsa phosphate imene choyezera chanu chinalephera kuiona. Thonje kapena siponji ya m'fyuluta muzichapa pakadutsa masiku awiri kapena atatu, chifukwa zinyalala zogwidwa mmenemo zikadali m'madzi ndipo zikuola. Ngati pali skimmer, chipangizo chochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu, kapu yake izikhuthulidwa ndi kutsukidwa khosi kuti thovu lizikwera.

Musayembekeze zodabwitsa pa kusintha madzi kumodzi. Ngati nitrate ili pa 40 pa choyezera, kusintha gawo limodzi mwa magawo khumi kumaifikitsa pa 36 basi. Chimene chimagwira ntchito ndi kubwereza, khomo lolowera litatsekedwa.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa iyi ndi nkhani ya moyo wa munthu. Mwanena kuti muli makorali ofewa. Ngati ena mwa iwo ndi timabatani tomera mothithikana pamwala, a mitundu ya Palythoa kapena Zoanthus, dziwani kuti ena amakhala ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin. Valani magolovesi ndi magalasi pokwecha miyala, musagwire ndi dzanja la bala, musakhudze m'maso kapena pakamwa, ndipo ana asakhale pafupi. Koposa zonse musaphike mwala wa m'thanki kapena kuuthira madzi otentha poganiza kuti mukupha ndere. Nthunzi yake yadwalitsa mabanja athunthu m'maiko ena. Ndikunena izi chifukwa kwathu kuno chinthu chikada timathamangira kuchiwiritsa.

Tsopano za kutentha, zimene mabuku olembedwa ku Ulaya sakhalitsapo koma kwa ife ndiye nkhondo yeniyeni. Thanki ya makorali imafuna madigiri 24 mpaka 27. Inu mukudziwa mmene Nchalo imakhalira mu Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kumapitirira madigiri 40 ndipo pansi pa malata munthu sagona. Madzi akakhala pa 30 kwa masiku, makorali amataya tindere tating'ono timene timakhala m'matupi mwawo n'kumawapangira chakudya, amayera, ena amafa. Korali likafa, malo ake amatengedwa ndi ndere, ndipo thupi lake loola limazidyetsa. Madzi otentha amasunganso mpweya wochepa. Choncho ikani choyezera kutentha m'madzimo, muziwerenga cha m'ma 3 koloko masana, osati m'mawa. Fani yowomba pamwamba pa madzi imatsitsa digiri imodzi kapena awiri, koma madzi amaphwa msanga, malita angapo pa tsiku, ndiye madzi osefedwa aja akhale okonzeka m'chigubu. Mabotolo otseka bwino a madzi oundana amathandiza tsiku loipa. Makina oziziritsa madzi otchedwa chiller ndiwo yankho lokhalitsa kwa amene angakwanitse. Thanki ichoke pawindo, dzuwa lisaifike. Ine nyengo yotentha ndimasintha nthawi ya nyali, ziziyaka madzulo mpaka usiku m'malo mwa masana, ndipo makorali sadandaula bola nthawiyo ikhale yomweyomweyo tsiku lililonse. Maola 8 ndi okwanira. Walira mvula walira matope: kuwala kumene makorali akufuna ndi komweko kumene ndere zikufuna, ndiye musapereke kopitirira muyezo. Ena amaphimba thanki masiku atatu kuti mukhale mdima. Zimabweza bulangete lofiiralo kwa kanthawi, koma chakudya chake chikadalipo limadzukanso.

Magetsi akazima madzi amaima, ndipo m'nyengo yotentha maola ochepa ndi okwanira kuti zamoyo za m'miyala ziyambe kufa. Nthawi zambiri ndere zimachuluka mwadzidzidzi sabata yotsatira kuzima kwa nthawi yaitali, mwini wake osalumikiza zinthu ziwirizi. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kotchipa poyerekeza ndi nsomba imodzi. Ngati muli ndi sola kapena inveta, choyamba kulumikiza ndi pampu yoyendetsa madzi, nyali zingadikire. Fumbi la chilimwe ndi phulusa la nzimbe zikamatenthedwa nazonso zimagwera m'madzi, choncho kaukonde pamwamba n'kothandiza. Ndipo popopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, phimbani thanki ndi kuzimitsa skimmer ndi pampu ya mpweya kwa kanthawi, chifukwa mankhwala amenewo amapha nsomba ndi nkhanu.

M'nyanja momwemo ndere sizisowa, koma pali ziweto zozidya usana ndi usiku. Mu 1983 ndi 1984 matenda anapha unyinji wa tinyama taminga tonga kanungu, todya ndere, totchedwa Diadema antillarum m'nyanja ya Caribbean. Ku Jamaica, kumene asodzi anali atachepetsa kale nsomba zodya ndere, matanthwe a makorali anakwiririka ndi ndere m'zaka zochepa. Thanki yanu ili ngati dambo lopanda mbuzi kapena ng'ombe. M'kalata simunatchule nkhono ngakhale imodzi. Madzi akakhazikika, mchere ndi kutentha zili m'malo, yambani ndi nkhono za Trochus zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Ndimazikonda chifukwa zimachokera kumadzi ofunda ndipo zikagwa chagada zimatha kudzitembenuza. Za Cerith zimagwira ntchito pamchenga. Musagule gulu lalikulu nthawi imodzi, chifukwa ndere zikatha zimafa ndi njala n'kuwononga madzi. Dziwaninso kuti nkhono sizidya tsitsi lalitali, monga mbuzi siyamba ndi udzu wofika m'chiuno. Inu zulani, izo zizitsuka zophukira. Nsomba za mtundu wa tang zimadya ndere bwino koma zimafuna malo aakulu osambira, ndipo malita 250 ndi ochepa kwa zambiri mwa izo. Nkhono zatsopano muzizizoloweretsa madzi anu podontheza pang'onopang'ono kwa ola lathunthu, chifukwa kusintha kwa mchere mwadzidzidzi kumazipha. Ulendo wochokera kunja mpaka kutsika zitunda za Thabwa ndi wautali komanso wotentha, ndiye zibwere m'bokosi losunga kuzizira, makamaka mu Juni kapena Julayi. Funsani ku Dipatimenti ya Usodzi za chilolezo cholowetsera zamoyo m'dziko, ndipo musatume munthu kukaswa miyala ya makorali kugombe la ku Mozambique. Makorali olimba amatetezedwa ndi CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zachilengedwe.

Pali dzenje lina kutsogoloku limene ndinagweramo ine, ndipo sindikufuna kuti mugweremo. Chaka china ndere za tsitsi zitandikwana ndinaika GFO yambiri, timibulu tachitsulo tofiirira tokoka phosphate, uku ndikusintha madzi kawiri pa sabata, nsomba ndikuzimana chakudya. M'masabata atatu tsitsi linayera n'kuthothoka, ndipo ndinasangalala. Kenaka m'mawa wina ndinaona timamina tofiirira tolendewera pamiyala, kumapeto kwake kuli timathovu ta mpweya. Usiku tinkasowa, nyali zikayaka tabwerera. Nkhono zanga zinayamba kugwa pagalasi, imodzi lero ina mawa, ndipo ndinkazitola pamchenga zitatsegula pakamwa. Amenewo anali ma dinoflagellate, tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo ena mwa iwo ali ndi poizoni. Amabwera pamene nitrate ndi phosphate zatheratu zenizeni, zamoyo zina zonse zopikisana nawo zitafooka. Ali ngati kaufiti m'munda wa mapira. Udzu wamba umatsata nthaka yachonde, koma kaufiti amakonda munda woguga. Ngati mukukayika, tengani timaminato m'botolo ndi madzi, khutchumulani, sefani pa pepala lopukutira, muike madzi osefedwawo powala. Pakapita ola mukaona taunjikananso tokha, ndi iwowo. Kuti ndithane nawo ndinachita zosemphana ndi zonse zimene ndinkachita: ndinachotsa GFO, ndinasiya kusintha madzi kwa kanthawi, ndinawonjezera chakudya, ndinaika nyali ya UV, yotsekeredwa m'paipi modutsa madzi, imene imapha mitundu yoyandama usiku. Zinanditengera nthawi yaitali kuposa ndere zimene ndinkathawazo.

Choncho cholinga chisakhale ziro. Makorali nawonso amadya. Nitrate ikhale pakati pa 2 ndi 10 ppm (mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi), phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm, ndipo muzifikako motsetsereka. GFO si yoipa, koma mukadzaifuna yambani ndi theka la muyezo wolembedwa pa paketi. Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi kudzala ndere zaphindu za Chaetomorpha, zooneka ngati waya wotsukira mapoto, m'kathanki ka pansi ndi kanyali kake. Zimalanda chakudya cha zoipazo, inu n'kumakolola theka pakadutsa masabata awiri.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mwambiwu ukunena nkhono zenizeni. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mulembe m'kope tsiku, mchere, kutentha kwa masana, nitrate ndi phosphate, komanso mujambule thankiyo pa foni Loweruka lililonse muli malo amodzimodzi. Maso amene amaona thanki tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha, zithunzi ndi zimene zimanena zoona. Sabata ziwiri zoyamba mwina simuona kanthu. Mwinanso phosphate ikwera pa choyezera mukazula ndere zambiri, ndipo musadabwe, ndi ija inkabisika. Chizindikiro choyamba cha kuchira ndi tsitsi kuyamba kutuwa ndi kuzuka mosavuta. Chachiwiri ndi galasi kutenga masiku atatu kapena anayi lisanade, pamene kale linkada tsiku lomwelo.

Kenaka mudzaona timadontho tapinki kapena tofiirira tolimba ngati penti pamiyala ndi pamapampu. Timeneto ndi ndere za coralline, ndipo pamene tamera tsitsi limavutika kugwira. Kuti tifalikire timafuna calcium wa pakati pa 400 ndi 450 ppm ndi alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, ya 7 mpaka 9 pa muyezo wotchedwa dKH, zimene kusintha madzi ndi mchere wabwino sabata iliyonse kumakwanitsa m'thanki ya makorali ofewa ngati yanuyi. Pagalasi la kutsogolo mukhoza kutipala ndi khadi lakale la pulasitiki, koma pamiyala muwauze anawo kuti mswachi usafikepo.